Mfundo ya pa Chitenje Chobiliwila

Lelo pofuna nsalu yomangila katundu pa njinga, ndapeza chitenje chija chobiliwila pansi pa sutikesi. Atate ake Tiwonge, papita zaka zitatu chimwalilileni inu, koma mfundo imene ndinamanga ndi manja angawa ikalipo.

Chitenje chimenechi ndinkamangila miyendo yanu yopuwalayo ku benchi kuseli kwa nyumba, kuti isagwe mukamanyamula zitsulo mutagona chagada. Anthu ankaomba m'manja mukabwela ndi mendulo kuchoka ku Lusaka, osadziwa kuti mapewa omwewo ndiwo anali miyendo yanu, okankha njinga ya olumala mpaka pa boma. Tsiku limene phewa lakumanja linalila kuti thu, ine ndi mlongo wanga tinachotsa chitsulo pachifuwa panu, ndipo ndinathamangila kumasula chitenje. Munandigwila dzanja, thukuta lili kamukamu. "Amake Tiwonge, musandimasule msanga. Mukandimasula ndiye kuti nditsike. Nanga nditsika ndi chiyani?" Mfundo inali italimba, tinangosolola chitenje chakumapazi n'kukunyamulani ngati mwana, inu nkhope itayang'ana kumbali. Adokotala anati mnofu wang'ambika, mupume. Kupuma kwake kuti? Wina phewa likavulala amayenda yekha kupita kuchipatala, koma inu ngakhale kuchimbudzi munkadikila ine.

Ndatopa, a Zimba amuna anga. Msana umene ndinkakunyamulilani ukali kuwawa, ndipo wouuza palibe. Ndinaika dzino pa mfundo ija kuti ndimasule, kenaka ndinasiya. Munati ndisafulumile. Katundu ndamangila mphila.