Ndinkapemphera Maso Ali Pa a Rozina

Chifuwa chinayamba titangokolola, m'zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza midzi yathu ya ku Chiponde. Chinali chouma, ndipo ndinkati ndi fumbi la chimanga. Patatha mwezi ndinayamba kudzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, chakudya osachifuna.

Mpingo wathu unali utapempha kuti tibwereke alendowo malo olima. Ine ndinapatsa mayi wina wamasiye, a Rozina, mizere ya kumapeto kwa dimba langa, ngakhale mtima sunkafuna. M'tchalitchi ankakhala pafupi nane, tikuimba m'buku limodzi. Lamulungu lina titatuluka anandigwira dzanja.

"Mayi, chifuwa ichi ndikuchidziwa. Chinatenga amuna anga tili m'njira. Mukachedwa chikutengani inunso, pitani kuchipatala."

Ine sindinamvemo chifundo. Munthu wobwera dzana angadziwe bwanji za imfa yanga ngati sakuikonza yekha? Ndinati basi, akufuna dimba lonse.

Kupemphera sindinasiye tsiku limodzi ayi. Choyamba ndinangosintha benchi, kukakhala kumbuyo kwawo kuti ndiziwaona bwino. Abusa akati tipemphere, onse ankatsinzina, ine maso ali pa manja a mayiwo, mpaka "Ameni" ankachita kundidzidzimutsa. Kenako ndinasamukira pakhomo, ndikumati ndikufuna kamphepo. Mgonero ndinayamba kuudumpha poopa chikho chimene iwo amwera, chonsecho wodwala ndinali ine. Pofika nyengo yotentha, sing'anga anali atanditema mphini pachifuwa, Baibulo lili pansi pa sutikesi. Wondifunsa ndinkamuyankha kuti ndine Mkhristu, ndipo ndinkakhulupiriradi choncho.

Mvula itayamba ndinalavula magazi. Alongo anga ananditengera kuchipatala ku Mangochi, kumene ndinapereka makhololo masiku atatu n'kudikira zotsatira pakhonde. Adokotala anaziona mphini zija koma sanazitchule.

"Ndi TB, mayi, ndipo mwachedwa nayo. Kunyumba mumagona ndi ndani?"

Ndinkagona ndi chitsirizira wanga, Esinati, wa zaka zinayi. Atamuyeza anamupeza nayonso.

Ndinagona m'wodi miyezi iwiri, jakisoni m'mawa uliwonse, Lolemba kukwera sikelo. Sabata yachitatu kunabwera a Rozina ndi nthochi. Ndikuchita manyazi kunena kuti nthochizo ndinapatsa mayi wa ku Nkopola wa bedi loyandikana ndi langa, n'kumadikira kuona ngati zimupweteke. Anadya zonse, n'kufunsa ngati mlendo wanga abwerenso.

Anabweradi, n'kupempha kuti tipemphere. Ine ndinawayang'anitsitsa monga mwa chizolowezi. Iwo anatsinzina, akutchula dzina langa ndi la Esinati, misozi ikutsika. Atati timalize ndi Pemphero la Ambuye, ndinayamba nawo bwinobwino, koma pakati mawu anandithawa. Pemphero limene ndinaloweza ndili mwana! Ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinaona magazi. Palibe amene anandilanda chikhulupiriro. Ndinachisiya ndekha, benchi ndi benchi, ndikulondera munthu wosalakwa.

Nditatuluka ndinapitiriza mankhwala miyezi yambiri, ndipo ine ndi Esinati tonse awiri tinachira. Esinati tsopano ali pabanja. Ine khutu lakumanzere silimva bwino chifukwa cha majakisoni aja, komanso ndikakwera chitunda ndimapuma kawiri. Nkhondo itatha a Rozina anabwerera kwawo ndisanalimbe mtima kuwauza zimene ndinkawaganizira, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Chifuwa chikakana kutha, thamangirani kuchipatala musanayambe kufufuza amene wakulodzani. Miyezi imene ine ndinataya posaka mfiti inatsala pang'ono kundiphera mwana. Ndipo mukazindikira kuti m'tchalitchi mwayamba kuyang'ana anzanu pamene ena atsinzina, dziwani kuti mwadwala kale. Ine ndinabwerera pa benchi langa lakale, pambali pa malo amene ankakhala a Rozina, ndipo abusa akati tipemphere ndimatsinzina.