Buluku la m'thumba la mpunga

Linali buluku lakuda, la pa kaunjika, ndipo linkanunkha gaga. Amayi ankalisunga pansi penipeni pa thumba la mpunga. Ankalivala Lamlungu masana okha, chitseko chili chotseka. Ankayenda kuchoka kuchipinda kufika pabalaza, kubwerera, n'kulivula. Ine ndinali mu Sitandade 2, ndipo ntchito yanga inali kusuzumira pazenera ngati kukubwera munthu.

Tinkakhala ku Lifuwu, m'nyumba ya boma, chifukwa amayi anali kalaliki pa sikimu ya mpunga. Kwathu ndi ku Ntcheu, choncho tinali obwera, ndipo wobwera sadziwa kuti khutu la boma lili pamutu pa yani. Wailesi inali italengeza kale kuti lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku latha, zipani zachuluka, aliyense alankhule zakukhosi. Amalume, amene tinkakhala nawo, sankakhulupirira. Anagonapo m'chitokosi miyezi ingapo chifukwa cha mawu amene ananena pamowa, ndipo sanadziwe amene anawaneneza. Ankati ufuluwo ndi nyambo, msodzi saponya nyongolotsi chifukwa chokonda nsomba. Boma likufuna aliyense aonekere poyera, mayina alembedwe, kenako galimoto zibwere.

Kusukulu aphunzitsi athu anali ndi chizolowezi. Lolemba lililonse ankatifunsa zimene taona kunyumba, ndipo wonena zosangalatsa ankamupatsa kachidutswa ka choko. Makolo ankanong'onezana kuti aphunzitsiwo ndi kazitape. Ine ndinkangofuna chokocho. Ndiulule pano, poti sindinawauzepo ngakhale amuna anga: ndinaimika dzanja ndekha, palibe anandikakamiza. Ndinanena za buluku, za thumba, za zenera lomwe. Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anandipatsa choko chathunthu, chosathyola, n'kunena kuti ndikawauze amayi kuti abwera Loweruka.

Amayi sanandimenye, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anachapa zovala zanga zonse n'kuzipinda m'kachikwama. Anandiphunzitsa pokwerera basi ku Salima, posinthira, dzina la mudzi wathu, kundibwerezetsa mpaka ndinaloweza. Kuntchito ankapita atamanga chitenje pamwamba pa diresi lofika kale m'akakolo. Amalume ankafuna kulimangirira kumwala bulukulo akaliponye m'nyanja. Amayi anakana, koma analichotsa m'thumba muja, ndipo komwe analiika sanandionetse.

Loweruka aphunzitsi anabwera panjinga, atanyamula akazi awo kumbuyo. Amalume anatulukira khomo lakuseri n'kulowa m'minda. Alendo analonjerana ndi amayi, anakamba za mbalame zodya mpunga, za udzudzu, za mvula. Aphunzitsi ankangotembenuza chipewa m'manja. Pomaliza anatsitsa mawu. Anati akazi awo amapalasa njinga kukagulitsa mpunga ku Chinguluwe, chitenje chimakodwa mu tcheni, anagwapo kawiri. Ndiye amva kuti muno muli buluku. Kodi angabwereke tsiku limodzi lokha kuti telala akaonerepo?

Amayi anandigwira pamkono n'kundiimika pakati.

"Aphunzitsi, mwanayu ndi wabodza. Muno mulibe chinthu chotero. Ife ndife anthu omvera."

"Pepani, mayi," anatero aphunzitsi, ataimirira kale. "Ifenso timangocheza. Musakazifikitse patali."

Tiyi anatsala m'makapu osamwedwa. Pasanathe ola, fungo la nsalu yopsa linadzaza bwalo lonse, ndipo amayi anatuluka kukhitchini maso ali psuu, akuti ndi utsi.

Lero ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndimavala buluku popita kuntchito, ndavotapo ndipo ndaona maboma akusintha. Koma mwana wanga akabwera ku sukulu ya mkaka, funso langa loyamba si loti wadya kapena ayi. Ndimamufunsa kuti wawauza chiyani aphunzitsi. Ndimadzimva ndikufunsa, manyazi n'kundigwira, mawa n'kufunsanso. Mwina ndikulakwa, koma ndimaona ngati boma limene anthu ake amaopa ngakhale zimene lawalola silinakhazikike, langokhalira mantha amene linawapeza. Ndipo manthawo ndikumuyamwitsa mwana ndine.

Tsiku lija ndinalira mpaka kusasa mawu, chifukwa amayi ananditchula wabodza pamaso pa aphunzitsi anga pamene ndinanena zoona. Ndinaona njinga ikuthamanga mumsewu wa mchenga, akazi awo atagwiritsa chitenje ndi dzanja limodzi, ndipo ndinkaganiza kuti akuthamangira kupolisi. Sindikanadziwa kuti nawonso ankathawa, poganiza kuti amayi, kalaliki wa boma, akawaneneza Lolemba m'mawa.