Ndinagawa mapatani a mwana wanga ngati zovala za malemu

Inu owerenga, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo foni ndinkaidziwa poyimba ndi poyankha basi. Kusadziwa kumeneku n'kumene kunandichititsa kuti ndigawe ndi manja anga ntchito ya mwana wanga amene anamwalira. Lero ntchitoyo ikuyenda mu Lilongwe monse ndi dzina la munthu wina. Ndayenda, ndadandaula, ndatopa. Ndimvereni kuti nanunso zisadzakuoneni.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 9, koma ndimakhala ku Mchesi. Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene Mulungu anandipatsa, ankakolopa m'maofesi ku Capital Hill. Kuluka ndinamuphunzitsa ndine ali wamng'ono, koma anadzandipitirira kutali. Ankaluka m'basi ya antchito, ankaluka anzake akudya nkhomaliro. Mashawelo a makanda, tijuzi, zikwama. Sankaonera kwa munthu. Ankapeka zake, kuluka n'kumasula, kulukanso n'kumasulanso, mpaka chinthu chikhale mmene mtima wake ukufunira. Akatero ankalemba kalukidwe kake mzere ndi mzere m'Chichewa, n'kujambula zithunzi, n'kuika zonse mu fayilo imene ankaitcha patani. Amayi okonda kuluka ankagula pa foni, iye n'kuwatumizira. Pansi pa tsamba lililonse panali dzina lake. Sanasiye mwana, sanasiye nyumba, ndipo pamanda pake chiliza sitinamange mpaka pano. Chimene chinatsala cha iye pa dziko ndi dzina lija pa masamba aja.

Matenda anali achidule. Tinakamuika kumudzi kwathu ku Nathenje. Anzake a gulupu ya zolukaluka, imene anaiyambitsa yekha pa foni, anatiperekeza. Anagona nafe pa siwa, anatunga madzi, anaphika. Litafika tsiku logawa katundu, azakhali ake anayala mphasa, zovala zinapita kwa asuweni, mapoto kwa ena, monga timachitira kwathu. Ine anandisiyira foni. Nditabwerera m'tauni chinkandivuta mumtima n'chakuti anzake aja, amene anandilirira choncho, sanalandire ngakhale duku.

Tsono mmodzi wa iwo, mayi wogwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, anabwera kudzandizonda. Tili mkati mocheza anati, “Amayi, tipatseniko patani imodzi, tizimukumbukira nayo.” Ndinamupatsira foni yonse. Ndinati atengemo mapatani onse, akagawane ndi anzake, foniyo n'kundibwezera. Ine ndinkaona ngati ndikugawa zitenje. Chitenje ukapatsa munthu chimakhala kwa iyeyo mpaka ching'ambike. Panalibe wondiuza kuti fayilo imaswana ngati nsikidzi.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wogulitsa ulusi pafupi ndi mzikiti ku Old Town, amene tonse timangowatchula kuti Abiti. Mwana wanga ankagula ulusi kwa iwo, ndipo nawonso amapeka mapatani a zipewa. Tsiku lina ndikupita ku depoti anandikodola, n'kundionetsa foni yawo. Panali tsamba la pa intaneti la mayi wina amene sindimudziwa, akutsatsa mapatani. Anali a mwana wanga. Pansi pa tsamba lililonse anadulapo, pamwamba n'kulembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu. Zithunzi sanasinthe n'komwe. Manja amene agwira ulusi pamenepo ndi a mwana wanga, ndi chipsera chake cha phala pa chala chachikulu.

“Munagulitsa kwa ndani, mayi?” Abiti anandifunsa.

Ndinati sindinagulitse, ndinangogawira anzake.

“Ndiye mwagawira dziko lonse.”

Abale anga, kuyambira pamenepo ndayenda ngati wamisala. Ndinayamba ndi mayi wa ku City Centre uja. Anandidikiritsa pa benchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndipo atatuluka anati iye anangoponya pa gulupu, amene anapititsa kwina sakumudziwa. Anawonjezera kuti zinthu zikalowa pa intaneti zilibe mwini. Ndinamufunsa ngati pa maliro paja ankalira munthu wopanda dzina. Anayang'ana wotchi yake, nati ali ndi msonkhano.

Ndinamvanso kuti pafupi ndi msika, pamene amapanga fotokope, akugulitsa mapatani omwewo osindikiza kale. Ndinapitako, n'kuwapeza ataunjikidwa pambali pa mapepala a mayeso akale. Nditamufotokozera mwini malowo, anandiyankha osasiya n'komwe ntchito yake. “Ine ndimangodina batani, mayi. Ngati ndi mwana wanu, tengani limodzi, ndikuchotserani mtengo pang'ono.” Taganizani, owerenga. Kundigulitsa ine thukuta la mwana wanga, ati andichotsera.

Abiti anandithandiza kutumiza uthenga wa mawu pa foni ya mwana wanga kwa mayi wa tsamba la pa intaneti uja. Ndinalankhula mwaulemu. Sindinapemphe ndalama. Ndinangoti abwezerepo dzina la mwini wake, agulitse mmene akufunira. Anayankha kuti lusolo anamupatsa ndi Mulungu, ndipo nsanje sipindula. Kenako anakauza a pa gulupu kuti pali gogo wina akufuna kumuipitsira bizinesi pogwiritsa ntchito foni ya malemu. Kunapezeka kuti nayenso anali atalowa gulupu yomweyo. Oyang'anira, poti ati safuna mikangano, anachotsa nambala ya mwana wanga. Gulupu yoyambitsa yekha. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha, chifukwa misozi inali itakana.

Ndikamacheza ndi Abiti m'pamene ndinadziwa kuti vutoli si langa ndekha. Onse opeka mapatani akulira chimodzimodzi. Abiti tsopano amalemba dzina lawo mopingasa pakati penipeni pa tsamba, lakuda bii, moti ogula amadandaula kuti mizere ina sikuwerengeka. Mnzawo wina amalemba dzina la wogula pa fayilo iliyonse, kuti ikatuluka adziwe amene waitulutsa. Wina amasiyako dala mizere yomalizira, n'kumauza wogula pakamwa. Wina anangosiyiratu, pano akugulitsa mandasi. Opekawo anayesapo kugwirizana n'kudandaula kwa eni ake a intanetiyo, tsamba la mayi uja linatsekedwa, koma lisanathe sabata linatsegukanso ndi dzina lina. Okuba sataya kanthu. Ovutika ndi opeka ndi ogula moona mtima.

Chimene chinandimaliza chinachitikira kuntchito. Abwana anga aakazi akuyembekezera chidzukulu, ndiye tsiku lina anabwera ndi ulusi ndi mapepala, nati ndilukire mwanayo shawelo. Ankayamikira kuti mayi amene anapeka pataniyo ali ndi mutu. Nditayang'ana, manja omwe aja. Ndinawauza zonse nditaimirira pa khomo la khitchini. Anamvetsera, nati pepani kwambiri, iwo sankadziwa. Kenako anafunsa, “Koma mulukabe, eti?” Ndinaluka, nanga ndikanatani, ntchito ndi yomweyo. Koma ndisanagwire ulusi ndinabwereka cholembera, n'kufufuta dzina la wakubayo, n'kulemba la mwana wanga pansi pa tsamba lililonse ndi zilembo zanga zokhotakhota. Mapepala amene ndakwanitsa kukonza mu mzinda wonse uno ndi okhawo.

Ndiye ndikupempheni, inu owerenga. Maliro akakugwerani, foni ya malemu musaipereke misozi isanaume, ngakhale wopemphayo anagona nanu pa siwa. Funsani kaye munthu wodziwa kuti muli chiyani. Inu ana amene mumapeka zinthu n'kumasunga m'mafoni, tiuzeni makolo anu mukadali moyo, musatiyese mbuli zosafunika kuuzidwa. Nanunso amene mukalandira fayilo chala chimayabwa kuti mutumizire anzanu, dziwani kuti pali munthu amene anamasula ulusi kambirimbiri kuti chinthucho chioneke choncho. Mwina ali moyo ndipo akudikira kudya pamenepo. Mwina anapita, ndipo mayi ake akungofuna kuti azitchulidwa.

Mayina a anthu onse andilakwirawa ndawabisa, ngakhale langa sindinena. Limodzi lokha sindibisa. Amene anapeka mapatani amenewo ndi Yankho, mwana wanga.