Zala ziwiri za achimwene

Mwezi wa Okutobala kwathu ku Kawale kunkanunkha girisi ndi mango owola, ndipo pawindo pankakhala wailesi ya kaseti ya abambo, yomangidwa ndi mphira kuti kachitseko kake kasagwe. Abambo anali makaniko ku Biwi, munthu wosaseka, wa dzanja lofulumira. Lamlungu masana ankakhala pakhonde atavula malaya, n'kumamvera kaseti imodzi yomweyo, ya mkulu wina wakuda wa ku Amereka woimba bulusi pa gitala yamagetsi. Dzina lake linkatikanika, tinkangomuti Wolira. Abambo ankati munthu ameneyo amakoka nsambo imodzi n'kuisiya ilire yokha, iye ali phee, ndipo ukatswiri wake ndi kudikirako.

Achimwene anga a Limbani, amene ankaimba gitala kutchalitchi, anali naye wawo, mzungu watsitsi lalitali woimba roko. Ankati Wolira ndi mlesi, zala zinamukalambira, pamene wawoyo amathamanga pansambo zonse mpaka sipika kunjenjemera. Abambo ankayankha kuti limenelo ndi phokoso la chigayo, ngakhale woledzera angathe. Zinkayamba ngati nthabwala, kenaka maso kufiira, kapu kuuluka. Amayi ankangoti atambala awiri salira khola limodzi, n'kutithamangitsira kumpopi ndi zidebe.

Tsiku latsokalo abambo anali kumaliro ku Chilinde, achimwene kutchalitchi. Ndikusesa m'nyumba, ndinamva mzungu wa achimwene uja akuimba pa wailesi. Ndinafuna kuwasungira nyimboyo, andiyamikeko. Ndinatola kaseti yosalembedwa dzina, n'kutseka timabowo take ndi pepala lotafuna kuti ilole kujambula, monga ankachitira anzanga, n'kudina batani lofiira. Chitsiru ine, sindinayambe ndaimvera n'komwe.

Abambo atabwera anaika kaseti yawo n'kukhala pansi. M'malo mwa Wolira munatuluka chiphokoso chija. Anadikira achimwene pageti n'kuwalandira ndi lamba wa injini, gitala ya tchalitchi ikadali kumsana. Lamba woyamba anang'amba khutu. Achimwene anagwera m'ngalande, abambo n'kuwakoka ndi kolala mpaka pakhonde, akuwamenya m'nthiti, kumsana, kumaso, magazi akudontha pasimenti. Amayi poti aleretse, anakankhidwira kukhoma, mlomo kusweka. Anthu anadzaza pampanda kumangoonerera, wolowa panalibe. Abambo ankangobwereza funso limodzi: "Wagwira kaseti yanga ndani?"

Achimwene anandiyang'ana ndili kuseri kwa chitseko, tsache lili m'manja. Kenaka anati, "Ndine, abambo." Pompo abambo anaponda mkono wamanzere wa achimwene, n'kutola sipanala yaikulu imene inali pakhondepo. Anamenya kawiri pazala. Kulira kwa fupa ndimakumvabe mpaka lero, ndipo ndinadzikodzera nditaima pomwepo.

Kuchipatala amayi ananama kuti boneti ya galimoto inawagwera. Zala ziwiri zinapola zitauma, osapindikanso, ndipo gitala inabwezedwa kutchalitchi kukapatsidwa wina. Abambo anasaka kaseti ina ya Wolira m'misika yonse, osaipeza. Pakhonde panati zii, mkangano unathera pomwepo, popanda wopambana.

Makaseti anatha, ana anga amamvera oimba onsewo pafoni, aliyense ndi zake m'makutu, palibe womenyera nyimbo. Ndinamumveranso Wolira nditakula, ndipo ndivomere, abambo sankanama, munthuyo ankaimba. Koma ndimadana nawo abambo anga chifukwa cha masana amenewo, ngakhale ali m'manda, ndipo anapita asakudziwa wolakwa. Achimwene amayendetsa minibasi ya ku Area 25, ndikakwera amandiseka kunenepa, nkhaniyi sanaitchulepo. Anthu amandipepesa kuti ndinali mwana wa zaka khumi. Inde, ndinali mwana, koma pakamwa ndinali napo.