Mpando wa Pamwamba pa Injini

Amuna anga anali makaniko, ndipo matenda awo anali amodzi: tigalimoto ta mipando iwiri. Anzanga ankadandaula za amuna omwa mowa ndi oyendayenda, ine ndinkapikisana ndi zitsulo. Tinkakhala kwathu ku Msakambewa, pamudzi pa mayi anga, iwo ali mkamwini, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kupita kugalaja kuboma la Dowa.

Galimoto yoyamba anabwera nayo tangotha chaka m'banja. Anaigula kwa mzungu wina wa kuesiteti ya fodya cha ku Malomo amene ankabwerera kwawo. Inali ya ku Italiya, yachikasu, yaifupi moti denga lake linkandilekeza m'mimba. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Malume anga, amene anakwezapo katundu m'malole ndipo ankadziyesa katswiri, anauza amuna anga kuti atsegule kutsogolo tione injini. Atatsegula, tonse tinabwerera m'mbuyo. Munalibe kanthu. Linali bowo chabe, ngati bokosi losungiramo zovala. Chikhalirecho galimotoyo tinali titaiona ndi maso athu ikuyenda, ikulira, ikutulutsa utsi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anakoka ana ake n'kumapita, akuti iye sakhala pafupi ndi zinthu za kukhwima.

Amuna anga anaseka mpaka misozi, kenaka anatsegula kachitseko kena kuseri kwa mipando. Injini inali pamenepo, pakati pa galimoto, kumsana kwenikweni kwa woyendetsa. Anafotokoza kuti anaiika dala pakati kuti kulemera kugawike bwino, galimoto izikhota pakona ili paliwiro osapendekeka. Ine ndinafunsa kuti nanga thumba la chimanga lizikhala pati.

Galimoto imeneyo sinakhalitse. Mimba yake inkachita kukhula pansi, ndipo mapaipi a madzi ankadutsa kunsi kwake kuchokera kutsogolo kupita ku injini. Amene anaipanga sanaonepo misewu yathu ya m'mapiri. Tsiku lina tikupita kuukwati ku Ntchisi mwala unang'amba paipi, madzi onse anatayika, injini n'kupsa. Tinabwerera nayo ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ana a sukulu akutiimbira m'manja njira yonse. Inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Kunena zoona ine ndinakondwa. Kulowa m'galimoto imeneyo kunali kuzunzika. Masiku amenewo mkazi sankavala thalauza, ndiye uli ndi chitenje chako umachita kukhala pafupifupi pansi, mawondo ali kuchibwano, anyamata ofunsa makadi a chipani pamsika akungokuyang'ana.

M'zaka zimenezo ndinabereka ana awiri popanda vuto. Wachitatu ndinavutika naye masiku awiri kunyumba, n'kubadwa atafa kale, ineyo ndinapulumukira mkamwa mwa imfa. Anamwino a kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikadzatenganso pakati ndisadzayerekeze kuchirira kunyumba, chifukwa ulendo wotsatira wopita ndidzakhala ine. Mayi anga analipo pamene ankanena zimenezo.

Galimoto yachiwiri inafika ndili ndi pakati pa mwana wachinayi. Msuweni wa amuna anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kuigunditsa kumtengo sabata yoyamba yomweyo, kenaka anaitaya pakhomo pathu. Inali ya ku Japani, yofiira, yatsopano kwambiri poyerekeza ndi ija ya nkhuku, koma banja lake lomwelo: mipando iwiri, injini kumsana. Nditaiona ndinangogwira pakamwa. Ndinkaganiza kuti mliri umenewu unatha.

Amuna anga ankaima pakati pa ziwirizo n'kumalalikira aliyense wodutsa. Ankati yakale ija chitsulo chake n'chofewa, chimadyeka ndi dzimbiri, ndipo kuiliza m'mawa kunali kuipempha ngati mwana wokana phala, pamene yatsopanoyi ukangopotokola kiyi yayankha. Ankati yakale denga lake limachotseka, mphepo n'kumakuwomba, ndipo mkati mwake zonse unkazimvetsa ndi sipanala yokha, pamene yatsopanoyi ili ndi mawaya ambirimbiri oti ukadula imodzi ulira. Yakale ankaikonda, yatsopano ankailemekeza. Ine ndinkawauza kuti zonse ziwiri n'zopanda nzeru mofanana, kusiyana kwake n'kwakuti ina imathamanga nako kupusako.

Ulendo uno analumbira kuti msewu suwalandanso galimoto. Anaikweza ndi masipuling'i a pikapu yakufa, n'kuika matayala akuluakulu moti mpaka anadula zitsulo za m'mbali kuti akwane. Kunsi anawotchererako chitsulo chokhuthala choteteza mapaipi. Paipi ya utsi anaipinda kuti izitulukira m'mwamba chakumbuyo, isamagunde miyala. M'mbali munali bowo lolowera mphepo kupita ku injini, iwo analitseka ndi lata ati limalowetsa fumbi. Inasanduka chinthu chachilendo, yamiyendo italiitali, koma m'mabampu inkadutsa bwino, ndipo pamenepo ndinavomera kuti mutu wawo umagwira.

Chomaliza chinali mpando wachitatu. Pamwamba pa chitseko cha injini, pamene panali timing'alu totulukira mpweya wotentha, anayalapo lata, pamwamba pake thabwa, kenaka khushoni ya chiguduli yodzaza ndi thonje, ndi chitsulo chogwirira m'mbali. Ankati n'zochititsa manyazi mkamwini kudutsa pagalimoto ndi mkazi wake, apongozi ali wapansi.

Pano ndiyenera kufotokoza za awiriwa. Mayi anga ndi amuna anga sankalankhulana maso ndi maso. Panalibe chidani, unali ulemu wa kwathu. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira patchire mpaka mnzake adutse. Mawu onse ankadzera mwa ine, ngakhale onse awiri ali pabwalo limodzi akumvana bwinobwino. Choncho uthenga wa mpando unadzera mwa ine, ndipo yankho linabwereranso mwa ine: mayi anathokoza kwambiri, koma anati miyendo akadali nayo. Mpandowo unkangonyamula matumba opita kuchigayo, mtunda waufupi. Tsiku lina ndinapeza ufa uli wofunda nditautsitsa, ndipo ndinangoseka.

Tinapangana kuti ndipite kukadikirira kuchipatala sabata yotsatira. Matenda sanadikire. Anandiyamba masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, basi ya tsikulo itadutsa kale m'mawa. Pasanathe nthawi ndinaona magazi. Mayi atawaona anangomanga zitenje ndi beseni n'kutuma munthu panjinga kukaitana amuna anga kugalaja.

Mkazi sapita kukachira ndi mwamuna yekha, pamafunika mayi womuyang'anira. Mpando wa mkati unali wanga, ndipo ngakhale pakanakhala malo, mayi sakanakhala phewa ndi phewa ndi mkamwini wawo. Ndinawaona akuyang'ana mpando wakumbuyo uja kanthawi kochepa, kenaka anakwinya chitenje n'kukwera. Anakhala moyang'ana kumene tikuchokera, msana atatipatsa, mtolo uli pamiyendo. Pakati pa iwo ndi ife panali galasi.

Amuna anga anayendetsa mmene sindinawaonerepo. Galimoto ija inkakwera zitunda ikukuwa kumsana kwathu, fumbi lili koboo kumbuyo. Ine ndinali kwina, ndaponda pansi ndi miyendo yonse, ndikuluma nsonga ya chitenje. Titayenda ndithu ndinamva fungo ngati la chiguduli chikupsa. Ndinawauza, iwo anati ndi anthu akutentha tchire posaka mbewa, paja inali nyengo yake. Anadzandiululira pambuyo pake kuti kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kanali katafika kale pofiira, koma ankaopa kuti akaima siilirakonso. Maganizo awo onse anali pa injini. Za munthu amene anakhala pamwamba pake sizinawafike m'mutu, ndipo inenso sizinandifike.

Ndinacheuka kamodzi kokha. Ndinaona msana wa mayi uli chilili, duku lili m'malo mwake, manja onse awiri atagwira chitsulo. Mtima unakhala pansi. Titalowa mumsewu waukulu anthu a m'mbali anayamba kutikwezera manja, ena akukuwa, ena akuthamangira kumsewu akuloza kumbuyo kwathu. Galimoto imeneyo anthu ankailozaloza kulikonse, choncho tinangoti ndi zomwe zija.

Injini inazima yokha titangolowa pageti ya chipatala, ndipo nthunzi inatuluka ponseponse. Anthu anathamanga, koma sankathamangira kuchitseko changa. Bambo wina amene ankathirira maluwa anadutsa pafupi nane ndi ndowa n'kukhuthula madzi onse kumbuyo kwa galimoto. Pamene ankanditulutsa ndinatembenuka, ndipo chimene ndinaona sindidzachiiwala mpaka kumanda. Khushoni ija inali itanyeka yonse kunsi, thabwa lili bii, utsi ukutuluka m'mbali mwa mayi anga. Chitenje chawo chinali chitapsa kumbuyo konse, nsalu itamatirira pakhungu. Mwendo wakumanja unali utatsamira paipi ya utsi ija, ndipo pamenepo panalibenso khungu. Anali chikhalirebe, manja ali pachitsulo. Anamwino anachita kuwafumbatula zala chimodzichimodzi.

Ndinakuwa, ndipo ululu wanga womwe ndinauiwala. Mayi anandiyang'ana, milomo ili mbuu, n'kuuza anamwino kuti: "Yambani mwathandiza mwana wangayo. Ine ndidikira."

Anandichita opaleshoni nthawi yomweyo. Anabadwa mwana wamkazi, wamoyo. Adokotala anauza amuna anga kuti tikanachedwa pang'ono akananyamula maliro awiri. Mayi anawagoneka m'chipinda china, chafufumimba, ndipo anakhalamo miyezi iwiri. Mpaka kumwalira kwawo ankayenda motsimphina, ndipo pampando wouma sankakhalitsa.

Amuna anga sindinawaonepo ali choncho. Sakanatha kulowa kumene kunagona apongozi awo, ndiye ankangokhala pakhonde tsiku lonse, chipewa chili m'manja, kufunsa aliyense wotuluka. Atandiona koyamba anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana, akuti ndi manja awo omwe anakhoma mpandowo, anatseka mphepo, anapinda paipi, chilichonse akudziyesa wochenjera. Ine sindinawatonthoze, chifukwa ndinali nditawakwiyira kwambiri, komanso ndinkakumbukira ufa wofunda uja umene ndinauseka.

Odzatizonda ochokera kumudzi onse anali ndi nkhani imodzi. Ankati mayi anapsa chifukwa cha manyazi, sakanatha kugogoda galasi kuitana mkamwini wawo. Ena ankawayamikira kuti amenewo ndiye amayi osunga mwambo. Ena, makamaka aphunzitsi, ankapukusa mitu kuti taonani kumene miyambo ikutifikitsa. Ine ndinakhulupirira, ndipo mkwiyo wanga unachoka kwa amuna anga n'kupita kwa mayi. Galasi linali pafupi ndi chigongono chawo. Kugogoda kamodzi kokha kukanakwanira.

Tsiku limene anandilola kuyenda ndinanyamula mwana, n'kupita pang'onopang'ono nditagwira khoma mpaka kuchipinda chawo. Ndinawapeza atagona chafufumimba, nsalu yoyera itakwezedwa ndi waya kuti isakhudze mabala. Ndinali nditakonza zowapatsa moni kaye mwaulemu, koma pakamwa panandithawa. Ndinawakalipira ngati mwana. Ndinawafunsa kuti ndi manyazi anji ofa nawo, kuti mkamwini ndi ndani, kodi si munthu amene amadya ndiwo zawo tsiku ndi tsiku? Ndinati akanafera pamenepo ine ndikanauza chiyani ana anga. Odwala ena anatembenuka kumandiyang'ana, koma sindinasamale.

Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha. Kenaka anatembenuza mutu papilo.

"Manyazi ake ati?" anatero motsitsa mawu. "Moto ndinayamba kuumva tisanafike n'komwe kumsewu waukulu. Dzanja ndinalikweza kawiri. Koma amuna ako ndimawadziwa, ndi munthu waulemu. Ndikanagogoda akanaima."

Ndinakhala pansi pomwepo pasimenti, mwana ali m'manja. Mayi anati ndakhala bwino pamenepo, ndingomusendeza pafupi pang'ono, chifukwa mmene anagoneramo sankatha kumuona nkhope.