Misoko ya Che Wahabu

Amene ankagula mbaula pa msika wa Phalombe zaka zimenezo angawakumbukire Che Wahabu, bambo wamtali wa kachipewa koyera, wosaseka. Ankagulitsa mbaula ndi masefa basi. Ukawapempha ndowa kapena ketulo ankangopukusa mutu, ndipo anthu opanda chisoni anawapatsa dzina loti Mmisiri wa Mabowo. Dzinali linkandiwawa, chifukwa ine ndinawadziwa asanafike pamenepo. Tinali oyandikana nyumba ku Jenala, ine ndikupikula matemba ku nyanja ya Chirwa pa njinga.

Anabwera kuchokera ku nkhondo yaikulu ija ndi luso lokhoma malata, lomwe anaphunzira ku dooko la Mombasa, kokonzera maboti a asilikali. Ndowa yawo unkatha kusiyira mdzukulu isanadonthepo. Iwo ndi akazi awo, Abiti Bwanali, anali ndi mwana mmodzi yekha, Majidu. Ndiye bambo wina, a Makina, atabwera kuchokera ku Joni ndi injini, n'kuiika pa boti la matabwa lonyamula anthu ndi nsomba pakati pa Swang'oma ndi chilumba cha Chisi, Majidu ndi amene analembedwa kuti aziyendetsa. Thanki ya petulo a Makina anati apange bambo a Majidu.

Ndinalipo padooko tsiku loiika, ndipo ndinatopa ndi kuonerera. Madzi a Chirwa ndi amchere, chitsulo sachilekerera. Choncho Che Wahabu anapaka thankiyo phula paliponse, ndi kunsi komwe kumene diso silifika. Anaikhazika pa timitengo ta mlombwa kuti madzi olowa m'boti asamaikhudze komanso mphepo izidutsa pansi pake. Malamba oimangira anawayalira mphira wa chubu cha galimoto. A Makina atabweretsa misomali ya mkuwa, yonyezimira bwino, iwo anaikana.

"Ayi bwana, imeneyo bwererani nayo. Mkuwa ndi chitsulo ali ngati akazi apamitala. Akakhudzana m'madzi amchere, wina amadya mnzake, ndipo wodyedwa ndi chitsulo."

Tonse tinaseka. Anabwereza mawu omwewo kwa Majidu, kwa a Makina, ngakhale kwa ine wosadziwa kugwira hamala. Koma padooko panali amuna okhaokha.

Boti linayenda bwino dzinja limodzi ndi chilimwe chake. Kenaka m'mawa wina, ali pakati pa nyanja, munthu wina anayatsa fodya. Petulo anali atadonthera pansi pa matabwa popanda woona, ndipo moto unabuka nthawi yomweyo. Chirwa si nyanja yozama, okwera onse analumphira m'madzi napulumuka, koma Majidu anali atakhala pambali penipeni pa thanki. Anamwalira asanafike naye kumtunda, ndipo boti linamira pomwepo.

Pamaliro palibe amene ananena kanthu, koma pakamwa pa anthu sipakhala chitseko. Nkhani inamveka kuti msoko wa thanki ya Che Wahabu unatseguka, mtovu womatira anaika wochepa. Choipa kwambiri n'chakuti eni ake anakhulupirira. Kuyambira pamenepo sanapangenso chinthu chosunga madzi. Masana dzuwa likuswa mtengo ankaimitsa hamala n'kutchera khutu.

"Achimwene, mukumva? Chinachake chikudontha."

Ine sindinkamva kanthu. Ankadzuka n'kuzungulira nyumba, kusuzumira pansi pa nkhokwe, kununkhiza m'manja mwawo. Ankati petulo sakuchoka m'zala. Abiti Bwanali sanawanenepo mawu oipa, koma ankawaikira chakudya osawayang'ana kumaso, ndipo zimenezo zinkawadya kuposa mawu.

Mu 1954 mvula inavuta, nyanja inabwerera m'mbuyo kutali, n'kusiya matope ong'ambikang'ambika. Asodzi anandiuza kuti nthiti za boti la a Makina zikuoneka. Ndinalakalaka kubisa, koma Che Wahabu anali atamva kale.

"Mundiperekeze. Ndikaone ndi maso anga pamene ndinalakwitsa."

Tinasiya njinga ku Swang'oma n'kuyenda pansi, pamalo pamene kale tinkadutsa pa bwato. Kunali zii, kupatula akakowa ndi fungo la nsomba zowola. Ndinachita mantha, sindibisa. Thanki tinaipeza itakwiririka theka, yakuda ndi moto. Tinaifukula ndi manja. Che Wahabu anayendetsa chala pa msoko uliwonse, kuchokera ku ngodya kufika ku ngodya. Mtovu unali utasungunuka malo ena, koma mapindo onse anali ogwirana ngati akhomedwa dzulo.

Kenaka tinaigudubuza. Kunsi kwake kunali mzere wa timabowo ta dzimbiri, wowongoka ngati wolemba dala, ndipo mumzeremo munagona waya wa mkuwa, wobiriwira koma wamphumphu. Wina anauzunguliza pa thanki kuseri kwa lamba, n'kuupotokola mwamphamvu mpaka unadula phula. Pa wayayo panalendewera kachikopa kofota, ka chithumwa chija amalemba ashehe.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. "Che Wahabu, si inu! Tiyeni tiinyamule, akaione onse aja amakunenani."

Anakhala pansi m'matopemo, atagwira kachikopako. Kenaka anati, "Wayayu ndi wanga. Ndinawapatsa mayi a Majidu kuti akonzere chogwirira cha dengu."

Apa m'pamene ndinamvetsa, ndipo chimwemwe chija chinandithera. Anamasula wayayo, naika m'thumba la malaya. Thanki tinaibwezera m'dzenje lake n'kuikwirira, iwo akutsendera matope ndi phazi. Pobwerera sanatcherenso khutu ngakhale kamodzi, koma sanaoneke ngati munthu amene watula katundu.

Tinapeza Abiti Bwanali akusenda chinangwa pakhonde. Anaika mpeni pansi.

"Mwaipeza?"

"Taipeza," anatero Che Wahabu.

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Ndi msoko wanga, monga amanenera anthu."

Ndinayang'ana kumbali mokwiya. Mayiwo, kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana, anawayang'ana amuna awo m'maso, mwachifundo.

"Zinalembedwa, musadzizunzenso. Inenso ndinayesetsa kumuteteza. Tsiku lina Lachisanu, nonse muli ku mzikiti, ndinapita padooko n'kumumangirira chithumwa pansi pa thankiyo. Ndinasankha waya wa mkuwa dala, poti inu mumati madzi aja amadya chitsulo. Kodi chinalipo?"

Dzanja la Che Wahabu linali pa thumba la malaya.

"Chinalipo, mayi. Dzimbiri silinachikhudze n'komwe."

Abiti Bwanali anagwedeza mutu, ngati munthu amene wapeza kachitonthozo, natolanso mpeni wawo. Loweruka lotsatira Che Wahabu anali pa msika ndi mbaula zawo, ndipo munthu wina atawafuulira dzina lija, anatembenuka n'kuyankha kuti, "Wawa."