Mayina Awiri a Tryness Kwenda

Zonse zinayamba m'dzinja la 1994, chimanga chili m'mawondo, Lolemba pa 10 Januwale. Tsiku limenelo a Ackson Kwenda, mlimi wa thonje wa m'mudzi wa Kampheta kufupi ndi Vubwi, anatenga mwana wawo Tryness n'kupita naye kwa ahedi a sukulu, a Ezekieli Nkhoma. Tryness anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mayeso a Giredi 7 anali atalemba chaka chapitacho, koma mamaliki anaperewera pang'ono, malo a Giredi 8 sanawapeze.

Masiku amenewo kunali njira imene makolo ndi aphunzitsi a kumidzi ankaidziwa onse, ngakhale sinalembedwe paliponse. Mwana wobwereza sankalemberanso mayeso m'dzina lake. Ankalowa m'dzina la mnzake amene wasiya sukulu, koma dzina likadali m'kaundula. A Nkhoma anatsegula kaundula wa Giredi 6, chala chikutsika pang'onopang'ono, mpaka chinaima.

"Joyce Mbewe. Uyu anakwatiwa mu Okutobala, anapita naye ku Sinda. Sabweranso." Anakweza maso. "Iwe, kuyambira lero ukamva Joyce uziti wawa."

A Ackson anathokoza ndi tambala wofiira. Tryness anatuluka akuseka, poti dzinalo ankaliona ngati diresi yobwereka imene adzaivule likatha phwando.

Joyce Mbewe anakhoza Giredi 7 chaka chimenecho, Giredi 9 mu 1996, ndi Giredi 12 mu 1999 ku sekondale ya ku Katete. Koma pakati pamenepo, Lachitatu pa 14 Ogasiti 1996, aboma odula mareji, ziphaso za unzika zija, anafika m'mudzi, Tryness ali pa holide. Wolemba atafunsa dzina, a Ackson anayankha okha.

"Tryness Kwenda. Wobadwa pa 3 Malichi 1978. Za Joyce n'za kusukulu, kuno ndi mwana wanga."

Palibe anaona cholakwa. Mapepala a sukulu analowa m'sutukesi ina, reji inalowa m'kachikwama kena, ndipo zaka zambiri zinthu ziwirizi sizinakumane. Mwamuna wa Tryness, Nikodemo, amene anamukwatira mu 2001, ankakonda kunena pa anthu kuti iye ndi wamitala. "Ndinatenga awiri nthawi imodzi, Joyce wophunzira ndi Tryness wolima. Abusa sakudziwa."

Lolemba pa 8 Meyi 2006 Tryness anasonkhanitsa ana asanu ndi anayi m'chisakasa cha kuseri kwa tchalitchi cha Reformed. Anali ana a zaka zitatu mpaka zisanu, amene amayi awo ankawasiya pakhomo akapita kukatola thonje. Analibe choko, analibe buku. Anali ndi zitsekerero za mabotolo zimene ankatola pa msika wa Vubwi, nthanga za bwemba, ndi dongo la kudambo. Ana ankaumba ng'ombe zawo, kuziwerenga, kuzilowetsa m'khola la timitengo, kuziwerenganso kuti aone ngati fisi wagwirapo. Mwana wolira ankamubereka kumsana, phunziro likupitirira. Makolo pokolola ankabweretsa kaya chitini cha chimanga, kaya nsawa.

Pofika 2014 anawo anali makumi anayi, ndipo sukulu ya pulaimale inawapatsa chipinda chakumapeto, cha windo limodzi. Ahedi atsopano, poti a Nkhoma anamwalira mu 2009, anamuuza mosabisa.

"Amayi, kalasi ili ndi lanu mpaka tsiku limene boma lidzatumize mphunzitsi wa mapepala. Akabwera, ndilibe mphamvu. Ngati mukulifuna, kaphunzireni, wa mapepalayo mudzakhale inu."

Mawu amenewo anamudya zaka zinayi. Kenaka anamva kuti yunivesite ina yatsegula maphunziro a uphunzitsi wa ana aang'ono, ophunzira uli kwanu, kupita kumeneko pa holide pokha. Analemba kalata, anamutenga. Lolemba pa 16 Epulo 2018 anaima pamzere wolembetsa. Mtsikana wa pawindo anayang'ana setifiketi, anayang'ana reji.

"Mami, mayina yasiyana."

"Linalo ndi lakunyumba."

"Mukabweretse afidaviti, kalata yolumbira kukhoti, temu ya mawa. Wina!"

Temu yotsatira palibe anamufunsa, ndipo iye sanakumbutse.

Anali ndi zaka makumi anayi pakati pa ana obadwa iye atamaliza kale sekondale. Ankamutcha ambuya. Wogona naye chipinda chimodzi anali Abigail Sakala wa ku Katete, mtsikana wapakamwa, amene ankamuphunzitsa kutumiza ntchito pa foni.

"Ambuya, musakanikize ngati mukupha nsikidzi! Kungogusa chabe."

Zimene ankaphunzira zinamudabwitsa. Ng'ombe zadongo zija, ati zili ndi dzina lake m'mabuku, kuphunzira kudzera m'masewera. Kubereka mwana wolira nakonso kunali ndi mutu wake wonse. Koma zina zinali zachilendo, ndipo zinamupweteka mtima. Anaphunzira kuti mwana wosayankha akaitanidwa mwina sakumva bwino, n'kukumbukira kamtsikana kena ka mu 2008 kamene ankakayesa kamwano. Atabwerera kumudzi anayamba kuimirira kumbuyo kwa mwana aliyense watsopano n'kuwomba m'manja pang'ono. Tsiku lina mlekichara anapempha aliyense kuti abweretse chophunzitsira chopanga yekha. Anzake anagula mapepala amitundu m'sitolo. Tryness anakhuthula thumba la zitsekerero patebulo, kalasi lonse linafa nacho chiseko, koma mlekicharayo anawaletsa.

"Joyce, bwerani kutsogolo. Aonetseni anzanu mmene mumachitira."

Matenda a korona anachedwetsa maphunziro chaka chathunthu. Nikodemo anamwalira mu Julayi 2021, asanaone mkanjo wa omaliza yunivesite umene ankauseka kuti adzaubwereka popita kudimba. Tryness analima yekha, analemba yekha, ndipo Lachisanu pa 20 Okutobala 2023 anavala mkanjowo. Dzina la Joyce Mbewe litaitanidwa anaimirira, mwana wake wamkazi Grace akuimba nthungululu kumbuyo.

Mwezi womwewo kunatuluka chilengezo choti boma likulemba aphunzitsi. Tsiku lotseka linali 17 Novembala, ndipo wofunsira asapitirire zaka makumi anayi ndi zisanu. Tryness anali nazo ndendende. Pa 3 Malichi akanadutsa. Mwayi wake unali umodzi wokhawu.

Lolemba pa 30 Okutobala anakwera njinga ya moto kupita ku ofesi ya zamaphunziro ku Vubwi. Wolandira mapepala, a Humphrey Daka, anawayala patebulo, digiri uku, reji uku.

"Amayi, pano ndili ndi anthu awiri. Wina ali ndi digiri koma alibe reji. Wina ali ndi reji koma sanaponde ngakhale Giredi 8. Ndilembe uti?"

Tryness anafotokoza zonse, za kaundula, za a Nkhoma, ngakhale za tambala.

"Ndikukukhulupirirani," anatero a Daka. "Achimwene anga enieni anali Oliver kunyumba, Godfrey kusukulu. Koma masiku ano anthu akugwidwa ndi masetifiketi a eni ake, ndiye afidaviti ya inu nokha sakuilandira. Ahediwo alipo?"

"Anatisiya mu 2009."

"Bambo anu?"

"2012."

"Nanga mwini dzina?"

"Ndimamva kuti ali ku Sinda."

"Ndiye ameneyo. Akalumbire kwa majisitireti kuti mayeso amenewa sanalembe iye, munalemba ndinu. Mubwere nalo pepalalo pasanafike pa 17."

Kufunsafunsa kunatenga sabata. Lachiwiri pa 7 Novembala, dzuwa likuswa mtengo, Tryness anatsika minibasi pa Sinda n'kuyenda wapansi maola awiri. Anapeza mayi wowonda, wa imvi kale, atakhala pamphasa akusenda nsawa za mbewu. Analonjerana, mlendo anapatsidwa madzi, kenaka anatulutsa mapepala ake.

Joyce Mbewe anagwira digiri ija m'nsonga za zala, akuwerenga dzina lake chilembo chimodzichimodzi. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"A Lazarous! Tabwerani muone! Mkazi wanu uja mumati ndi mbuli wamaliza yunivesite!" Mwamuna wake anasuzumira kuchokera kukhola, osamvetsa. "Ndiye inu ndinu ine, a Nakwenda? Ine kusenda nsawa kuno, ine ndemwe kuvala mkanjo uko. Mukanandiuza ndikanabwera kudzadya mpunga."

Tryness nayenso anaseka, mtima unayamba kutsika. Ananena chimene wabwerera. Kuseka kwa Joyce kunatha ngati wathira madzi pamoto.

"Kukhoti? Ndikagwire Baibulo ndinene kuti Joyce Mbewe tilipo awiri?"

"Ayi, mukanene kuti ndinu nokha, a Nambewe. Ine ndinangobwereka."

"Munabwereka kwa yani?" Anaika digiri pamphasa. "Ine tsiku limene anandichotsa m'kalasi ndinalira mpaka kutupa maso. Palibe anandifunsa. Ndiye kumbuyo kuno dzina langa linapitiriza sukulu popanda ine." Anatola nsawa, anaiswa. "Koma zimenezo zinapita. Nkhani ndi iyi, mayi. Dzina langa lili pa mndandanda wa feteleza ku kopaletivu. Chaka chatha mnzathu wina anamuchotsa, ati dzina laoneka kawiri mu kompyuta. Sanakolole kanthu. Ine ndili ndi zidzukulu zinayi m'nyumba umu."

"Zimenezo sizigwirizana ndi za sukulu, ndithu."

"Inu ophunzira mumatero. Kompyuta mumaidziwa mtima wake? Feteleza abwere kaye, ndimuone ndi maso ali m'nyumba. Zikatero ndipita kulikonse, ngakhale ku Lusaka."

"Abwera liti?"

"Akuti Disembala."

Tryness anagwada pa dothi lotentha, mayi wa digiri, n'kuwomba m'manja. Joyce anayang'ana kumbali. Potsanzikana anamupatsa nsawa zodzaza mbale kuti adye m'njira.

Pa 14 Novembala anapitanso. Anapeza chitseko chokhoma, oyandikana nawo ati apita kumaliro kutsidya, sakudziwa tsiku lobwera. Pa 17 anakhala pabenchi ya ofesi ya a Daka kuyambira m'mawa, osadziwa chimene akudikira. Nthawi yoweruka itakwana a Daka anamubwezera envelopu yake ndi manja awiri.

Joyce sananame. Pa 9 Januwale 2024 anatuma uthenga kuti feteleza analandira, wathira kale, tsopano ali wokonzeka. Tryness anayankha kuti zikomo. Sanapite. Mayina a olembedwa anali atatuluka kale, ndipo chilengezo china chikanamupeza atadutsa zaka.

Chaka chimenecho masukulu anachedwa kutsegula chifukwa cha kolera. Lolemba pa 12 Febuluwale, Tryness akusesa chipinda chake, ahedi analowa ndi mphunzitsi watsopano wonyamula chikwama cha matayala.

"Ambuya!"

Anali Abigail Sakala. Anathamanga kudzamukumbatira, kenaka anayang'ana makoma, ng'ombe zadongo pawindo, tsache m'manja mwa mnzake, ndipo anamvetsa. Anayamba kulira.

"Ine sindinapemphe kuno, ambuya. Ndinapempha ku Katete."

"Pukuta m'maso, ana akuona," anatero Tryness. "Uyo wavala juzi yofiirayo samva khutu la kumanzere. Uzimukhazika mbali iyi."

Ahedi anamulola kukhala ngati wothandizira, koma osaimanso yekha kutsogolo kwa kalasi. Ntchito yake inakhala kuperekeza ana kuchimbudzi, kuwasambitsa m'manja, kutunga madzi. Ana ankamuthamangirabe iye akagwa, iye n'kuwatembenuza mapewa. "Pitani kwa Madamu." Abigail ankaphunzitsa bwino. Chimenechi Tryness anachiona, ndipo sanadziwe ngati chikumutonthoza kapena chikumulasa.

Mvula inadula mu Febuluwale monse. Chimanga chinauma chili ndi ngayaye, cha ku Kampheta ndi cha ku Sinda chomwe, chothira feteleza ndi chosathira. Lamulungu pa 3 Malichi Tryness anakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Anapita kutchalitchi, anaimba ndi amayi a chigwirizano, sanauze munthu.

Pokolola panalibe kholo limene linabweretsa chitini, poti panalibe chothira m'chitinimo. Nkhokwe ya Tryness inali mbee. Grace anaimba foni kuchokera ku Katete kumene anakwatiwa. "Amama, bwerani. Muzindilerera mwana ine ndikakhala kumsika. Mukudikira chiyani kumeneko?" Funso limenelo analisinkhasinkha milungu itatu, kenaka anauza Grace kuti akubwera.

Lachisanu ana ataweruka anapatsa Abigail thumba la zitsekerero, n'kumulongosolera malo a kudambo kumene kuli dongo losang'aluka. Kunyumba anachotsa pakhoma chithunzi chake cha mkanjo, poti chimenecho chinalibe dzina, n'kuchikulunga m'chitenje. Digiri anaiika pansi penipeni pa sutukesi, moyang'anitsa pansi, pamwamba n'kuikapo zovala. Reji anaisunga pachifuwa chifukwa cha maloko a apolisi pamsewu.

Anaphunzitsa ana a ku Kampheta zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndi miyezi iwiri, kuchotsapo masiku awiri. Anakhoma chitseko, makiyi anasiya kwa mlamu wake, ndipo anakwera lole ya ku Katete m'mawa wa mphepo, Loweruka pa 6 Julayi 2024.